Mmene Ndinapatsira Mlendo Mwana wa Eni pa Basi ya ku Lewisham

Inu ana, zidzukulu zanga, musandiseke. Ndikudziwa kuti simunabadwe. Amayi anu, a Tadala, angoyamba kumene kugwira pensulo, ndipo dzulo pa foni amalira chifukwa nkhuku inawatsomphola chitumbuwa m'manja. Ine amene mudzanditchule agogo ndilibe imvi ndi imodzi yomwe. Koma agogo anu aamuna amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo amandiuza za anthu amene anaiwala ngakhale maina a ana awo. Ine mtima wanga ndi wankhawa chibadwire, ndiye ndati ndikuuziretu zinthu zikadali m'mutu. Mwina Chichewachi mudzachiwerenga milomo ikupotoka, ngati ana a kutchalitchi kwathu kuno, amene ukawafunsa kuti "wadya?" amakuyankha m'Chingerezi. Palibe kanthu. Muziwerenga pang'onopang'ono, palibe akukuthamangitsani.

Agogo anu aamuna, a Yohane, ndi amene anatsogola kubwera ku Mangalande. Ntchito yawo ili kutali ndi London, ndipo amagona m'nyumba ya amuna okhaokha ogwira nawo ntchito. Ine nditawatsatira ndinalibe pogona. Tadala tinamusiya ku Lunzu kwa amayi anga, titapangana kuti tikakhazikika tidzamutenga. Amene anandithandiza ndi Anti Nachisale, mnzawo wakale wa amayi anga, namwino kuchipatala cha ku Lewisham. Iwo anandipezera banja lofuna mtsikana wolera ana wogonera pomwepo. Kuno ntchitoyi amaitchula kuti au pair. Umadya nawo patebulo limodzi, amakupatsa chipinda, iwe n'kumasamala ana. Mayi wa pakhomopo, Helen, anati tiyesane kaye mpaka chisanu chithe. Tikagwirizana ndikhala, zikakanika ndikasake kwina. Pamenepa mumvetse, ana inu. Kachipinda kaja ka pansi pa denga ndi kamene kanali London wanga yense. Kutaya ntchito kunali kutaya pogona, ndipo popanda pogona zotenga amayi anu zikanangothera pakamwa.

Ana okha sindinkawaopa. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji ya uphunzitsi wa sukulu za mkombaphala, ndipo ndinayamba kubereka azing'ono anga kumbuyo ine mwini ndikadali wa mamina m'mphuno. Ndinkati mwana ndi mwana, kaya wa ku Lunzu kaya wa ku London.

Ndinafika mitengo ikuyoyola masamba. Msewu wonse unali wofiira ndi wachikasu, ndipo ndinafunsa Helen ngati mitengoyo yagwidwa matenda. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Pasanapite nthawi dzuwa linayamba kulowa ana akungoweruka kumene kusukulu, ine n'kumayang'ana wotchi, n'kuyang'ana kumwamba, osadziwa kuti wabodza ndani. M'mawa wina ndikutaya zinyalala ndinakumana ndi nkhandwe, nkhandwe yeniyeni, ikuyenda pakati pa magalimoto ngati ikupita ku ofesi. Inandiyang'ana, ine ndinaiyang'ana, iyo n'kupitiriza ulendo. Kwathu nkhandwe itafika pakhomo dzuwa likuswa mtengo, bwenzi ataitana abusa. Nanga sitima ija ya ku Lewisham yoyenda yopanda woyendetsa! Tsiku loyamba ndinakhala kutsogolo kwenikweni, poyenera kukhala dalaivala, palibe munthu, njanji yokha ikubwera kumaso kwanga, nyumba zagalasi zikutalika mbali zonse mpaka mitu yake kubisala m'mitambo. Ndinapemphera ndi maso otsegula, chifukwa kutsinzina sindikanatha, zinthuzo zinali zokongola kwambiri. Inu mudzabadwira m'zoterezi ndipo mudzaziyasamulira. Ine mpaka lero ndikakwera ndimalimbirana mpando wakutsogolo ndi ana a eni.

M'nyumbamo munali makina ochapa ndi ena oumitsa. Matewera ndi otaya, mwana akaipitsira umangokulunga n'kuponya m'bini. Ndinakumbukira amayi anga akuwiritsa matewera ansalu a Tadala m'chitini pa mbaula, kuwayanika pa chingwe, kenako kuwasita limodzilimodzi ndi simbi yamakala kuopa mphutsi. Simbi yamakala simudzaidziwa inu. Inali ndi katambala kachitsulo pamwamba kotsekera, ndipo ukaiwala kuipukuta pansi inkasiya phulusa pa malaya a sukulu, iwe n'kukalandira zako kwa aphunzitsi.

Ana anali awiri. Tilly, mtsikana wa zaka zisanu, wolankhula ngati wailesi, ndi Jack, khanda loyamba kumene kukwawa. Bambo awo ankachoka m'mawa n'kubwera ana atagona, ndiye m'nkhani ino simuwamva. Jack anali ndi chipinda chakechake. Khanda, ana inu, chipinda! Helen anali ndi kagalasi kam'manja koonetsa mwanayo ali gone, mpweya wake n'kumamveka kukhitchini. Ine ndinkayenda nako kagalasiko ngati ndanyamula dzira.

Lilime langa linakana kutchula dzina la mayiyo. Ndinkati "amake Tilly," iye n'kunena kuti, "Thoko, ndili ndi dzina langa, ndinali nalo Tilly asanabadwe." Ndikamupatsa tiyi mawondo anga ankapinda okha, iye n'kumachita manyazi. Koma chimene chinandizizwitsa kuposa sitima ija n'chakuti m'nyumba imeneyo wogwada analipo, ndipo anali Helen. Tilly akalira, Helen ankagwada pansi kuti maso awo alingane, n'kumufunsa chimene chamupweteka mumtima. Tsiku lina anamukalipira molakwa, ndipo ndinamumva ndi makutu angawa akupepesa mwana wake. Wamkulu kupepesa mwana wa zaka zisanu! Ndinakalowa kubafa n'kulira, sindikudziwa ngati kunali kusirira kapena kusowa Tadala. Mwina zonse.

Tsopano ndikutengereni kaye ku Lunzu, chifukwa mukapanda kukwera minibasi ya kwathu simumvetsa chimene ndinachita. Ukamapita ku Limbe ndi mwana, thumba la chimanga ndi chikwama, sukwera ndi zonse pakamodzi. Thumba amalanda kondakitala. Mwana umangomupereka m'katimo, manja amatuluka okha kumulandira, sufunsa kuti ndi a yani. Iwe ukapeza pokhala kumbuyo, mwana ali kutsogolo pa miyendo ya munthu amene sunamuonepo, akudyetsedwa nthochi. Amayi anu a Tadala anayendapo kuchokera ku Lunzu mpaka pa Kameza ali pa miyendo ya bambo wina wa suti ndi tayi, ndipo anawanyowetsa bwinobwino. Bamboyo anangoseka n'kunena kuti, "Mayi, mwana wanuyu wandidalitsa, lero zanga ziyenda." Ndinakula choncho. Palibe anandiphunzitsa, ngakhale kukoleji palibe ananena kuti n'kulakwa.

Ndiye tsiku lina Lachinayi, chisanu chili pafupi kutha, ndinatenga Tilly kusukulu n'kudzera naye kumasitolo a ku Lewisham kukamugulira nsapato. Pobwerera kunali mvula ya kuno ija, yosagwa yosaleka. Basi inali yodzaza. Jack anali m'chikuku chake, pamalo paja amasiyira zikuku pakati pa basi. Pa siteji ina panali bambo wa pa njinga ya olumala, ndipo malowo mwini wake weniweni ndi iyeyo. Dalaivala anakuwa kuti wa chikuku apinde. Chikuku cha Jack chimafuna manja awiri ndi phazi. Ine dzanja lina Jack, lina Tilly, paphewa chikwama, m'khwapa bokosi la nsapato.

Pafupi nane panakhala gogo wina wachizungu wa chipewa chofiira, akuwerenga buku. Sindinaganize n'komwe. Ndinangoti, "Chonde, tandigwirirani," n'kumukhazika Jack pamwamba pa bukulo.

Gogoyo anauma. Anamugwira mwanayo ngati wapatsidwa poto wotentha wopanda chogwirira. Ine ndinapinda chikuku, bambo uja analowa, anthu anakankhana, ndipo ndinapezeka ndili chakumbuyo ndi Tilly, pakati pathu ndi Jack pali misana ya anthu. Ndinkangoona kansonga ka chipewa chofiira chija. Mtima wanga unali m'malo. Ndinamva Jack akuseka, kenako gogo uja akuseka, mwanayo atamuvula magalasi. Tinayenda choncho masiteji angapo. Potsika anandibwezera mwana maso ali ndi misozi, n'kunena kuti papita zaka zambiri asanagwire khanda. Ndinapita kunyumba ndikuyimba chamumtima. Ndinkaona ngati ndachitira munthu zabwino.

Pa chakudya chamadzulo Tilly anayamba wailesi yake. Ananena za nsapato, za mnzake amene anasanza m'kalasi, kenako anati, "Ndipo Jack anakhala pa miyendo ya gogo wina m'basi, ife tinali kutali."

Helen anaika foloko pansi.

"Gogo wake uti, Thoko?"

"Wina wake wa chipewa chofiira. Munthu wabwino kwambiri."

"Umamudziwa?"

"Ayi."

"Dzina lake?"

"Sindinafunse."

Nkhope yake inayera kuposa mmene inalili kale. Analankhula motsitsa, ndipo kutsitsako kunandiopsa kuposa kukuwa. "Unapereka mwana wanga kwa munthu amene sukumudziwa, iwe n'kupita kumbuyo kwa basi. Akanatsika naye?"

"Akanapita naye kuti, basi yonse ikuona?"

"Palibe amene amaona, Thoko. M'basi ya kuno palibe amene amayang'ana mnzake."

Anadzuka, anamutulutsa Jack pa kampando kake n'kukwera naye m'mwamba. Mawa lake sanapite kuntchito. Anamusambitsa yekha, kumudyetsa yekha. Ine ndikayandikira, ankangotembenuka pang'ono, mwana n'kukhala mbali inayo. Sananditukwane. Anangoti, "Ndikufuna ndiganize. Tikambirana Lolemba."

Loweruka ndinapita kwa Anti Nachisale. Ndinawapeza atangoweruka ku shifiti, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Nditawafotokozera anayamba ndi kuseka mpaka madzi kutayikira pa kapeti.

"Iwe Thoko iwe! Unkaona ngati uli pa minibasi ya ku Limbe? Bwanji sunamuuze dalaivala kuti akutsitse pa Chirimba?"

"Anti, musaseke, ntchito ikutha."

"Ndikuseka chifukwa inenso ndinachitapo zanga. Nditangofika ndinatola mwana wa eni atagwa pa paki, kumupukuta mawondo, kumupatsa bisiketi. Amake anabwera ngati ndamuba." Anapukuta maso, nkhope n'kusintha. "Koma tamvera, mwana wanga. Usamuone ngati wamisala mayi ameneyo. Ine kuchipatala ndaona zinthu zimene sindingakuuze. Ndiponso taganiza, ali ndi ndani? Amake ali kutali, aneba ake sadziwa ngakhale maina awo. Azakhali a mwanayo, agogo ake, anebawo, onsewo ndi iweyo. Anasankha munthu mmodzi mu London monse muno woti amugwirire mwana, ndiye munthuyo wakapatsira wina."

"Ndiye nditani, Anti?"

"Upepese, ndipo usayambe zoti kwathu timatere. Akudziwa kale kuti kwanu mumatero. Zikakanika, sofa iyi ilipo, koma landilodi wanga ndi wovuta, sungakhalitse."

Madzulo a tsikulo ndinaimbira foni amayi ku Lunzu. Ndinati ndilankhule ndi Tadala.

"Aa, kaya ali kuti," anatero amayi. "Mwina kwa aneba, mwina watsatira anzake kumjigo. Abwera akamva njala."

Mawu amenewo ndinawamva moyo wanga wonse, ndipo ine mwini ndinkawanena. Koma tsiku limenelo anandimvekera mwachilendo. Ndinayamba kufunsa kuti aneba ake ati, wapita ndi ndani, wachoka nthawi yanji. Amayi anadabwa. "Iwe, wayamba liti zimenezi? Mwana asowa pamudzi pano?" Ndinadula foni. Mantha a Helen anali atandilowa, ana inu, ndipo ndikuuzeni zoona, sanatulukebe. Sindidziwa ngati ndinapindula kapena ndinaluza.

Lolemba ndinatsika m'mawa mawu opepesa ndawakonza. Helen anandimvetsera mpaka kumapeto, Jack ali m'manja mwake. Kenako anati, "Ine anawa ndimayenda nawo pa galimoto. Sindinakwerepo nawo basi onse awiri. Madzulo ano tikwere basi yomweyo, nthawi yomweyo. Ndikufuna ndione ndekha."

Tinakatenga Tilly kusukulu, n'kupita pa siteji ija ya kumasitolo. Chikuku ankakankha Helen. Ine ndinkatsatira m'mbuyo manja ali lendelende ngati mlendo pa maliro a eni. Mvula inalipo, siisowa. Basi itafika, pamalo paja panali kale zikuku ziwiri. Dalaivala anati tipinde chathu kapena tidikire ina. Helen anati tikwera.

Anamutulutsa Jack, n'kuyesa kupinda chikuku ndi dzanja limodzi. Chinakana. Anayesa ndi bondo. Tilly anayamba kukoka jekete la amake kuti akufuna kukhala pansi. Chikwama chinatsetsereka paphewa n'kugwera pa mkono umene unali ndi mwana. Kumbuyo kwathu anthu ankaguza mpweya mokweza, ena kuyang'ana mawotchi. Okhala pansi onse maso anali pa mafoni. Helen ananena zoona, panalibe woyang'ana. Ine ndinaima pambali pake penipeni, manja akundiyabwa, koma sindinayerekeze.

Mmodzi yekha ndi amene anadzutsa mutu. Anali mayi wonenepa wa duku lobiriwira, kalankhulidwe kake ka ku Nigeria kapena ku Ghana. Anaika chikwama chake pansi, anasasa pa miyendo pake, n'kutambasula manja onse awiri.

"Bwera nayeni kuno, mwana wanga. Ndalera asanu ndi mmodzi."

Ine ndinayang'ana pansi. Helen anamuyang'ana mayiyo, ndipo ndinaona kuti mkono wake watopa.

"Zikomo kwambiri," anatero Helen. "Ndinu okoma mtima. Koma ayi."

Atatero anatembenuka n'kumuika Jack pachifuwa panga.

Anawerama, anaponda chikuku ndi phazi, chinapindika. Jack anali wofunda, akununkha mkaka ndi mvula, ndipo anandigwira khutu n'kuyamba kulikoka monga amachitira. Kuyambira Lachinayi lija ndinali ndisanamukhudze. Ndinabisa nkhope m'chipewa chake kuti anthu asandione, ngakhale panalibe woti andione.

Basi inanyamuka. Tinaima moyandikana, Tilly pakati pathu. Patapita kanthawi Helen analankhula, maso ali pawindo.

"Ndaona mmene zimakhalira. N'zovuta. Koma osamupereka kwa wina aliyense, Thoko. Ngakhale munthuyo akhale wabwino chotani."

"Ndamva."

"Ndiye ukakhala wekha uzitani? Manja ndi awiri omwewa."

"Ndizimubereka kumbuyo. Chitenje ndili nacho m'sutikesi. Chikuku chizitsala kunyumba."

"Kumbuyo? Ndi nsalu chabe? Sangagwe?"

Mayi wa duku uja, amene ankamva zonse, anaseka mpaka mapewa kugwedezeka. "Agwe? Mayi, ife tonse tinakulira pamenepo. Mukuona ngati ndinagwapo ine?"

Helen anamwetulira pang'ono, koyamba chichokere Lachinayi. "Ukandionetse kaye kunyumba," anatero. "Pamwamba pa bedi, pali mapilo. Ndipo ukandionetse kangapo." Kenako anawonjezera kuti, "Mawa ndikubwerera kuntchito. Tilly ali ndi zosambira, usaiwale thaulo."

Ndi mmene ndinadziwira kuti ndikhala, ana inu. Panalibe msonkhano, panalibe kugwirana chanza, inangokhala nkhani ya thaulo. Chisanu chinatha, mitengo ija ndinkaiyesa yodwala inachita maluwa oyera mpaka msewu kuoneka ngati wa ukwati, ndipo zino ndikulemba ndili m'kachipinda komwe kaja. Mapepala a amayi anu ayamba kuyenda. Akadzafika sindikudziwa kuti ndidzawalera ngati wa ku Lunzu kapena ngati wa kuno, ndipo zikadzakhala kuti ndinasokoneza, inu ndi amene mudzazione pa iwo. Mudzandikhululukire.

Tsiku lija titatsika basi, Helen anatambasula chikuku pa siteji, anapukuta madzi pa mpando wake ndi mkono wa jekete, n'kunena kuti, "Muike, watopa naye, ndi wolemera ameneyo."

Analidi wolemera, ndipo kunyumba kunali kokwera mtunda. Ndinati, "Ayi, musiyeni."

Helen anandiyang'ana, sanaumirire. Tilly anaponya chikwama chake cha sukulu m'chikukumo n'kuyamba kukankha yekha, ife awiri tikumutsatira m'mvula.